Dayisi m'kalasi ya masamu: kuphunzitsa ana kuyeza mwayi

Mukalowa m'kalasi ya Fomu 3 pa sekondale yoyendera kuno ku Kasungu, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama kapena kwa Wimbe, n'kufunsa kuti, "Pa dayisi, nambala yovuta kutuluka ndi iti?", simudikira. Kalasi yonse iyankha pamodzi: "Sikisi, sala!" Anawa sakunama. Akunena zimene anaziona pa ludo, tsiku lija anzawo onse atatuluka m'nyumba n'kuzungulira bolodi, iwo akadaponyabe, sikisi osabwera.

Mwana yemweyu mukamupatsa mayeso sabata yotsatira n'kumufunsa mwayi wopeza 6, alemba 1/6 bwinobwino, inu n'kuchonga. Koma madzulo akakhala pakhonde ndi anzake, auziranso mpweya m'manja, agwedeza dayisi kanthawi, akudandaula kuti sikisi ndi wouma mutu. M'mutu umodzi muli nzeru ziwiri zosalankhulana, ina ya m'kope, ina ya pakhonde. Pa zaka zimene ndaphunzitsa masamu ndafika pokhulupirira kuti ntchito yaikulu pa mutu umenewu ndi kuzikumanitsa nzeru ziwirizi, ndipo sizikumana pokhapokha mwana atalemba zimene akuyembekezera, n'kuponya yekha dayisi, n'kuona ndi maso ake pamene maganizo ake aphonya.

M'silabasi ya MSCE mutuwu umatchedwa probability. Pomasulira m'kalasi timati mwayi, ndipo vuto loyamba lili m'mawu omwewa. M'Chichewa mwayi umakhala wa munthu. Timati uje ndi wamwayi, uje anabadwa ndi tsoka, uje ali ndi dzanja labwino. Mwayi wa m'masamu sukhala pa munthu. Umakhala pa chinthu chimene chingachitike, ndipo umayezedwa monga tiyezera chimanga pa sikelo. Muyeso wake umayambira pa 0, pamene pakhala zosatheka, n'kulekezera pa 1, pamene pakhala zosalephereka. Kupeza 7 pa dayisi imodzi ndi 0. Kupeza nambala yosaposa 6 ndi 1. Zina zonse zili pakatipo. Ndimayamba ndi kufunsa ana kusiyana kwa bawo ndi ludo. Pa bawo palibe choponya. Wodziwa kuwerenga nkhomo ndiye amadya mnzake. Pa ludo pali kanthu kamene ngakhale katswiri sangakalamule. Kanthu kameneko ndi kamene tikufuna kukayeza.

Madayisi savuta kupeza. Amabwera ndi ludo wa mumsika wa paboma, ndipo ana ambiri ali nawo kunyumba. Akaperewera, kalipentala angakuduleni timatabwa tofanana mbali zonse kuchokera ku zotsala za ntchito yake, inu n'kulembapo madontho. Pa dayisi yoyenera mbali ziwiri zoyang'ana kosiyana zimapanga 7 mukaziphatikiza: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Gulu lililonse likhale ndi kapu kapena kachitini kogwedezeramo, kuti wina asamanene kuti mnzake waiika ndi zala. Aziponyera pa kope kuti phokoso lisafike kalasi ina. Ndipo lamulo la dayisi yogwa pansi mulikhazikitse masewera asanayambe, chifukwa mukalisiya, ana amawerengera yogwa pansiyo ikawakomera n'kuikana ikawaipira. Pamenepo zotsatira zonse zapotoka kale.

Ntchito yoyamba imaoneka yachibwana koma ndi imene inyamula zonse. Kalasi ya ana 75 ndimaigawa m'magulu 15. Gulu lililonse liponye dayisi imodzi ka 60 n'kulemba timizere, tinayi toimirira, kachisanu kopingasa. Asanayambe, mwana aliyense alembe m'kope mwake, ndi bolopeni, kuti akuganiza kuti nambala iliyonse ituluka kangati. Ena alemba 10 paliponse chifukwa anawerengako buku. Ena apatsa 6 kanambala kochepa chifukwa cha ludo. Onse awiri aphonya, ndipo kuphonya kwawo n'kofunika.

Masamu amati nambala iliyonse tiziiyembekezera ka 10, popeza 60 kugawa ndi 6 ndi 10. Koma gulu lopeza 10 pa nambala zonse zisanu ndi imodzi ndi losowa kwambiri. Pa kuponya 60, kusemphana ndi 10 ndi zitatu n'chinthu wamba, ndipo m'magulu 15 simulephera kupeza ena amene nambala ina yawatulukira ka 5 kokha, ena ka 15. Apa ndi pamene phunziro limatha kuwonongekera. Mphunzitsi akaimira pomwepa chifukwa belu lalira, gulu lija lopeza masikisi asanu okha lipita kwawo litatsimikiza kuti zimene linkanena n'zoona, ndipo mwana uja analemba 10 paliponse apita akuganiza kuti buku limanama. Ntchitoyi imafuna mapiriyodi awiri otsatizana. Ngati mulibe, ndi bwino kuidikiritsa.

Chotsatira ndi kusonkhanitsa zonse pa bolodi. Magulu 15 oponya ka 60 apanga kuponya 900, ndipo nambala iliyonse tiiyembekezera ka 150. Muziphatikiza pang'onopang'ono: gulu loyamba lokha, kenako awiri, kenako asanu, khumi, mpaka onse, ndipo pa sitepe iliyonse ana agawe masikisi opezeka ndi kuponya konse kumene kwachitika. Nambala ya pa kakyuleta iyamba ndi kudumphadumpha, kenako ikhazikika kufupi ndi 0.167, amene ndi 1/6. Pali chinthu china chobisika chimene ndimafuna kuti ana ochangamuka achione okha. Pa kuponya 900, masikisi akhoza kukhala 139 kapena 162, kusemphana ndi 150 ndi khumi ndi kanthu. Kusemphana kumeneku n'kwakukulu kuposa kuja kwa zitatu. Komabe 3 mwa 60 ndi 5 pa 100 aliwonse, pamene 11 mwa 900 angopitirira 1 pa 100. Kuponya kukachuluka, chimene chimayandikira 1/6 ndi gawo la masikisi mwa kuponya konse. Chiwerengero chenichenicho sichikakamizidwa kufika pa 150.

Zimenezi zili ndi mbiri yake. Jacob Bernoulli wa mumzinda wa Basel ku Switzerland ndiye anazitsimikiza ndi masamu, ndipo ntchito yakeyo inasindikizidwa mu 1713, patapita zaka 8 mwini wake atamwalira. Ana amakondwera kwambiri ndi nkhani ya John Kerrich, mphunzitsi wa masamu wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, amene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamupeza ku Denmark n'kutsekeredwa mu msasa. Ali m'menemo anaponya ndalama yachitsulo ka 10,000 n'kumalemba. Mbali ya mutu inatuluka ka 5,067. Inapitirira theka ndi 67, koma monga gawo ndi 0.5067, kufupi kwambiri ndi 1/2. Ndikawauza izi, kuponya kwathu 900 sikuonekanso kotopetsa.

Nanga sikisi uja, bwanji amaoneka wovuta? Funsoli musalithawe, chifukwa mwana akapanda kuyankhidwa abwerera ku chikhulupiriro chake. Pa ludo ndi 6 yekha amene timamudikira. Palibe amene amawerenga kuti 2 watenga nthawi yotani asanabwere. Ndipo kudikirako kumakhaladi kwakutali kuposa mmene timaganizira. Mwayi wosapeza 6 pa kuponya kumodzi ndi 5/6. Mwayi womuphonya kasanu ndi kamodzi motsatizana ndi 5/6 kuchulukitsa ndi iye mwini kasanu ndi kamodzi, zimene zipereka 0.335. Ndiye kuti mwa osewera atatu, mmodzi amazungulira maulendo 6 akadali m'nyumba. Mwa osewera 6, mmodzi amafika maulendo 10. Mwana amene zinamugwerazo saiwala. Ndimawauza kuti asinthe lamulo tsiku limodzi, azituluka m'nyumba ndi 2, n'kudzandiuza mawa lake nambala yovuta.

Pali chikhulupiriro china, mbale wake wa chimenechi, choti nambala ikachedwa ndiye kuti yatsala pang'ono, kapena kuti 6 akatuluka kawiri sangabwerenso kachitatu. Dayisi sikumbukira. Mbali zake ndi zisanu ndi imodzi pa kuponya koyamba, ndi zisanu ndi imodzi pa kuponya kwa 100. Kungonena izi sikusintha mwana. Chimene chimandithandiza ndi kasewero aka: ndimatuluka panja, magulu ena aponye dayisi ka 50 n'kulemba manambala mu mndandanda, magulu ena angopeka manambala 50 osaponya, ayesetse kuti aoneke enieni. Ndikabwerera ndimaloza mapepala opekawo, ndipo kawirikawiri ndimalondola. Ana amati pali wandinong'oneza. Chinsinsi n'chakuti munthu akamapeka amaopa kubwereza nambala. Akalemba 4 salembanso 4. Dayisi yeniyeni imabwereza nambala imene yangotuluka kamodzi mwa 6, choncho pa kuponya 50 pamakhala kubwereza pafupifupi 8, nthawi zina nambala imodzi katatu motsatizana. Akawerenga okha kubwereza pa mapepala awiriwo, kalasi imakhala chete, ndipo chete ameneyo ndimamukonda kuposa kuwomba m'manja.

Madayisi akakhala awiri mpamene mutuwu umakoma. Ndimajambula pa bolodi misewu 12, umodzi uliwonse wa mabokosi khumi, n'kunena kuti uwu ndi mpikisano wa akabaza 12 kuchoka pa depoti kupita kumsika. Mwana aliyense asankhe kabaza wake, kuyambira 1 mpaka 12, n'kulemba. Tikaponya madayisi awiri timaphatikiza madontho, ndipo kabaza wa nambala imeneyo amasuntha bokosi limodzi. Nthawi zonse pamapezeka wosankha 1, wina 12 chifukwa ndi yaikulu. Pasanathe mphindi ziwiri wa 1 uja amakweza dzanja: "Sala, wanga sangayende." Wazindikira yekha kuti madayisi awiri sangapereke zochepera 2, ndipo tanthauzo la mwayi wa 0 sadzaliiwalanso. Tikabwereza mpikisano katatu, ana onse amathamangira pa 6, 7 ndi 8. Funso tsopano limachokera kwa iwo: chifukwa chiyani apakatiwa?

Yankho lake ndi tebulo la mizere 6 ndi mizati 6, dayisi yoyamba m'mbali, yachiwiri pamwamba, m'bokosi lililonse chiphatikizo. Mabokosi onse ndi 36. Nambala 7 ipezeka m'mabokosi 6, ndiye mwayi wake ndi 6/36. Nambala 6 ndi 8 zili m'mabokosi asanu asanu, 5 ndi 9 anayi anayi, kumatsika choncho mpaka 2 ndi 12 zimene zili ndi bokosi limodzi limodzi. Tebuloli musawajambulire ana asanasewere. Likabwera mpikisano utatha limakhala yankho la funso lawo, pamene likabwera poyamba limangokhala china choloweza.

Pa tebuloli pamabuka mkangano umene ndimaulola kutenga nthawi. Mwana wina amafunsa kuti, bwanji tikuwerenga 5 ndi 6 kawiri, pamene 6 ndi 6 tikuwerenga kamodzi? Kwa iye 5 ndi 6 n'chimodzimodzi 6 ndi 5. Funsoli si la mwana wofooka. Gottfried Leibniz wa ku Germany, mmodzi mwa akatswiri aakulu a masamu amene dziko lakhala nawo, analemba kuti pa madayisi awiri 11 ndi 12 zili ndi mwayi wofanana, poti iliyonse imapangika njira imodzi. Analakwa pamalo omwewa. Mankhwala ake ndi mtundu: dayisi ina ikhale yofiira, ina yoyera, ngakhale pongoipaka inki. Yofiira 5 yoyera 6 ndi chinthu china, yofiira 6 yoyera 5 ndi chinanso, ndipo maso amaona kusiyanako. Choncho 11 ali ndi 2/36, 12 ali ndi 1/36. Kenako ndimafunsa kuti, tikachotsa utotowo madayisi asintha kagwedwe? Amaganiza pang'ono n'kuvomera kuti ayi. Kwa ana amene amaliza msanga ndimawapatsa funso limene Galileo wa ku Italy anayankha zaka pafupifupi 400 zapitazo: pa madayisi atatu, 9 ndi 10 iliyonse imapangika ndi magulu 6 a manambala, nanga bwanji 10 amatuluka kawirikawiri? Akawerenga mosamala mwa njira zonse 216, apeza 25 za 9 ndi 27 za 10.

Mpikisano wa akabaza umavumbula mfundo imene mabuku amailemba m'mawu ochepa, ana n'kuidumpha. Lamulo lija loti mwayi ndi njira zimene tikufuna kugawa ndi njira zonse limagwira ntchito pokhapokha njira zonsezo zili ndi mwayi wofanana. Ziphatikizo zotheka pa madayisi awiri zilipo 11, kuyambira 2 mpaka 12, koma mwayi wa 7 si 1/11. Mwana amene sanamvetse izi ndi amene amati mwayi woti mvula igwa mawa ndi 1/2, chifukwa igwa kapena siigwa. Ndimamufunsa ngati angaumitse fodya panja mu Januwale ndi mtima womwewo umene ayanikira chimanga mu Julayi. Amaseka, chifukwa mwana wa ku Kasungu amadziwa kuti miyezi iwiriyi si yofanana, ngakhale mayankho ndi awiri omwewo.

Pofuna kukhomerera mfundoyi ndimabweretsa zinthu zosalingana mbali. Chitsekerero cha botolo la zakumwa chimagwa chagada kapena chafufumimba, koma palibe chifukwa choti zikhale theka ndi theka. Bokosi la machesi lili ndi mbali 6 ngati dayisi, koma kuima chilili n'kwapatalipatali. Dayisi youmba ndi dongo, kapena imene kalipentala anaidula mopendekera, nayo ili ndi khalidwe lake. Pa zinthu ngati izi palibe tebulo lotithandiza. Njira ndi imodzi: kuponya kambirimbiri n'kuwerenga. Apa mpamene ana amaona kusiyana kwa mwayi wowerengera pa pepala ndi mwayi wopeza poyesa, ndiponso kuti wachiwiriyu ndi amene amagwira ntchito pa zinthu zambiri za moyo. Mlimi wofuna kudziwa ngati mbewu yake yosunga ikadali yamoyo amafesa njere 100 n'kuwerenga zomera. Akuchita zomwezo zimene ife tichita ndi chitsekerero. Madayisi opendekera aja ndinasiya kuwataya. Ndimawasakaniza ndi abwino n'kuuza magulu kuti andipezere wolakwa, ndipo amazindikira msanga kuti kuponya 20 sikukwanira kuweruza mlandu.

Tsopano nkhani imene aphunzitsi anzanga ambiri amaiopa. Chaka china kholo lina linafika kwa ahedi kudzadandaula kuti ana akuphunzitsidwa njuga. Dandauloli ndinalilandira ndi ulemu, chifukwa kholo limeneli linali ndi chifukwa. Laona anyamata m'matauni athu ang'onoang'ono akutha ndalama za fodya pa kubetcha, ena pa mafoni awo omwe. Ndinawapempha bambowo kuti akhale nafe piriyodi imodzi. Kuyambira pamenepo ndimauza makolo ndisanayambe mutuwu, ndipo m'kalasi mwanga simulowa ndalama ngakhale ya K20. Timagwiritsa ntchito timiyala. Koma nkhani ya njugayo sindiibisa, chifukwa mwana wa Fomu 3 akumana nayo ngakhale ife titakhala chete.

Timasewera chonchi. Awiri aponye madayisi awiri n'kuchotsera nambala yaing'ono ku yaikulu. Yankho likakhala 0, 1 kapena 2 wapambana woyamba. Likakhala 3, 4 kapena 5 wapambana wachiwiri. Manambala atatu uku, atatu uku, ndipo kalasi yonse imavomera kuti palibe kukondera. Akasewera ka 30 wachiwiri amayamba kudandaula. Tebulo lomwe lija la mabokosi 36, tsopano lochotsera, limaonetsa kuti 0 ali m'mabokosi 6, 1 m'mabokosi 10, 2 m'mabokosi 8, onse pamodzi 24. Winayo ali ndi 6, 4 ndi 2, kupanga 12. Woyamba ali ndi mwayi wowirikiza kawiri. Ndimawapatsa ntchito yokonza lamulo kuti likhale lachilungamo, ndipo pamapezeka gulu lotulukira kuti 0, 2, 4 polimbana ndi 1, 3, 5 zipereka 18 ndi 18. Kenako ndimakhala mwini masewera: ulipire timiyala 10 pa kuponya kulikonse, 6 akatuluka ndikupatsa 50. Zimamveka zokoma. Koma pa kuponya 60 walipira 600, walandira pafupifupi 500. Wina aliyense payekha akhoza kupambana lero, koma mulu wanga wa timiyala umangokula, popanda kubera aliyense. Phindu la mwini masewera limakhala m'lamulo lenilenilo.

Masamu a mwayi anabadwira pa tebulo la njuga, ndipo izi sindiwabisira ana. Mu 1654 Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France analemberana makalata poyankha mafunso a munthu wokonda masewera a madayisi, Chevalier de Méré. Limodzi la mafunso ake limakwana bwino mu Fomu 4, pophunzitsa chithunzi cha nthambi za mtengo. Tiyambe ndi kuponya kuwiri: mwayi wopeza 6 ngakhale kamodzi ndi wotani? Ana ambiri amaphatikiza 1/6 ndi 1/6 n'kupeza 2/6. Ndimawafunsa kuti, tikapitiriza choncho mpaka kuponya 6 tipeza 6/6, ndiye kuti sikisi sangalephere. Nanga pa ludo paja zinali choncho? Mtengo umakonza zimenezi. Nthambi ziwiri pa kuponya koyamba, 1/6 ndi 5/6, iliyonse n'kuphukanso ziwiri. Potsata nthambi timachulukitsa, ndipo nsonga zinayi zipereka 1/36, 5/36, 5/36 ndi 25/36. Zitatu zoyamba zili ndi sikisi, pamodzi 11/36, osati 12/36. Pa tebulo lija zimaonekanso: bokosi la 6 ndi 6 linawerengedwa kawiri. Njira yachidule ndi kuchotsera ku 1 mwayi wophonya konse. Ndi njira imeneyi tingayankhe funso la de Méré lija: kupeza 6 ngakhale kamodzi pa kuponya kunayi kuli ndi mwayi wa 671/1296, kapena 0.518, kupitirira theka pang'ono. Koma kupeza masikisi awiri pamodzi pa kuponya 24 kwa madayisi awiri ndi 0.491, kuchepera theka, ngakhale poyang'ana msanga ziwirizi zimaoneka zofanana.

Kuchulukitsa potsata nthambiku ndi kumene kumadya ndalama za obetcha mpira. Tiyerekeze kuti mnyamata amaudziwadi mpira, moti pa masewero alionse mwayi woti alondola ndi 3/4. Akamanga masewero asanu pa tikiti imodzi, mwayi woti onse alowe ndi 243/1024, wosafika 1 mwa 4. Akamanga khumi watsika kufika pa 0.056, pafupifupi 1 mwa 18. N'chifukwa chake mawu akuti "yandiphera timu imodzi yokha" amamveka sabata iliyonse. Ndikafika apa anyamata a kumbuyo, amene masamu sawakhudza masiku ena, amatulutsa makakyuleta osauzidwa.

Pali phunziro lina limene ndimachita mogwirizana ndi mphunzitsi wa bayoloje, ndipo ndimaliona lolemera kuposa onse. Mwana wachialubino amatengera chibadwa chimenechi kwa makolo onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale onsewo khungu lawo lili lakuda. Kholo lotere limapatsira mwana chibadwachi ndi mwayi wa 1/2. Dayisi yofiira ikhale bambo, yoyera ikhale mayi, ndipo 2, 4 kapena 6 atanthauze kuti chibadwacho chapatsiridwa. Mabokosi amene madayisi onse awiri apereka manambala amenewa ndi 9 mwa 36, ndiye 1/4. Gulu lililonse liponye kanayi kupanga banja la ana anayi, libwereze kambiri. Mabanja ena atuluka opanda mwana wachialubino, ndipo masamu amati amenewa ndi 81 mwa 256. Ena mmodzi, ena awiri. Pathupi lililonse ndi kuponya kwatsopano. Ana amafika okha pa mfundo yoti mayi amene amanenedwa m'mudzi, mwina kusiyidwa ukwati, sanalakwe kanthu, ndipo bambo ali ndi gawo lofanana ndi lake. Phunziroli limafuna kusamala. Ngati m'kalasi muli mwana wachialubino ndimayamba ndacheza naye payekha, ndipo akakhala womangika timagwiritsa ntchito chitsanzo cha matenda a sickle cell, amene amatengera mwa njira yomweyi.

Mayeso a MANEB salola dayisi m'chipinda, ndipo amafunsidwa m'Chingerezi. Choncho ntchito iliyonse imathera m'kope: tebulo lojambulidwa bwino, mtengo wokhala ndi manambala pa nthambi zake, ndi mawu a m'silabasi olembedwa pambali pa chinthu chimene mwana wachigwira kale ndi manja. Mawu ngati independent events, kutanthauza zochitika zimene chimodzi sichisintha mwayi wa chinzake, sakhalanso achilendo kwa mwana amene anapeka manambala 50 n'kugwidwa.

Dayisi ili ndi malire ake. Poti sikumbukira, singaphunzitse zinthu zimene choyamba chimasintha chachiwiri, ndipo ana ozolowera dayisi yokha amalemba nambala zomwezo pa nthambi zonse za mtengo. Ndiye sabata yomaliza madayisi ndimawabweza mu chitini, n'kubwera ndi kathumba ka nsalu muli nyemba zisanu, zofiira zitatu, zoyera ziwiri. Mwana mmodzi atulutse imodzi osayang'ana, aibwezere, atulutsenso. Mwayi wa zofiira ziwiri ndi 3/5 kuchulukitsa ndi 3/5, kupanga 9/25. Kenako atulutse imodzi n'kuiika pa desiki, kalasi yonse ikuiona kuti ndi yofiira. Dzanja lake lisanalowenso m'kathumba ndimamuimitsa n'kufunsa kuti m'katimo mwatsala nyemba zingati, ndipo zofiira ndi zingati. Akayankha kuti zinayi, zofiira ziwiri, ndimamupatsa choko kuti akalembe yekha 2/4 pa nthambi yachiwiri.